Kuseri kwa Nyumba ya Abiti Jafali

Januwale uno chatha chaka chimwalirireni Abiti Jafali, koma ine mkwiyo sunaphwe. Anzanga kuno ku Matawale amandiuza kuti ndizisiye. Akuti mwana ndi wawo, puloti ndi yawo, ine ndinangokhala woyandikana nawo nyumba. Akunena zoona. Koma woyandikana nyumba ndi amene amaona, ndipo ine ndinaona zonse pa mpanda wa bango umene unkalekanitsa kuseri kwanga ndi kuseri kwawo.

Mwina ndikanapitiriza kukhala chete akanapanda kuima pageti panga sabata yatha Twaibu, mwana wawo wamwamuna amene amakhala ku Joni. Anangotsitsa galasi la galimoto, osatuluka n'komwe, n'kundipatsa moni.

"Amake Dalitso, chaka chatha basi. Mayi ndimawasowa ine. Mukukumbukira mmene ankakondera kamunda kawo kaja?"

"Ndikukumbukira zonse," ndinatero, n'kutseka geti. Anthu amamutchula kuti Che Twaibu, ena a Twaibu. Ine ulemu umenewo unandithera kalekale.

Ndisanamize anthu, Abiti Jafali sanali munthu wofewa. Anali aafupi, ouma thupi, mpango wawo woyera utasanduka wofiirira chifukwa chougwiragwira ndi manja a dothi. Pamphuno panali kabowo pomwe ankavala chipini ali mtsikana. Liwu lawo linkamveka mpaka kumsewu. Akakwiya ankayamba m'Chinyanja n'kumalizira m'Chiyao, ndipo ngakhale ife osamva Chiyao tinkadziwa ndithu kuti tatukwanidwa. Anayambanapo ndi pafupifupi khomo lililonse pamzere wathu uno. Ena ankadandaula kuti chimanga chawo chikubweretsa udzudzu ndi akuba. Abiti ankawatengera okha kungalande za kuseri kwa mabafa awo, kukawaonetsa madzi obiriwira amene aima pamenepo, n'kuwafunsa ngati chimenechonso ndi chimanga.

Koma mukanawaona mu Januwale.

Nyengo ngati ino, mvula itakhazikika, phiri la Zomba litafunda nkhungu mpaka m'chiuno, ankati akangomaliza swala, pemphero lawo la Chisilamu la m'mawa, ankavula nsapato pakhonde la kuseri n'kulowa m'munda. Malowo sanali aakulu. Mwana akanaponya mwala ali pakhondepo ukanagunda mpanda wa kumapeto. Koma munalibe poponda. Chimanga chili m'mizere yake, nyemba zikukwera m'mapesi, maungu akuyanga pansi, nandolo atatsamira mpanda. Therere linali pafupi ndi bafa, pomwe madzi osamba ankadutsa. Bonongwe ndi luni ankazisiya zimere pomwe zafuna. Pakona panali chinangwa chothyolako chigwada, ndi mtengo wa tsabola wa kambuzi amene ankati ndi wa alendo okonda kukhalitsa.

Ankayenda phesi ndi phesi, kusuzumira m'nsonga kufunafuna mbozi. Akaipeza ankaifinya ndi zala uku akuinyoza mpaka makolo ake. Kenako ankadonthezamo msuzi wa bonya kuti nyerere zikwere zikamalize zotsalazo. Akathana nazo zimenezo ndiye kukuwa:

"Amake Dalitso! Tabwerani kuno mudzaone ntchito!"

Sikuti ankandiitana kuti andipatse kanthu ayi. Ankafuna mboni. Ankandilozera ngayaye zoyamba kutuluka, ndevu zofiira pa phesi limene labereka ana awiri, kadzungu kanthete kobisala pansi pa masamba. Dzulo kanali ngati dzira, lero taonani. Kenako ankasuzumira mbali yanga ya mpanda, komwe kunali timizere tanga tachikasu, n'kupukusa mutu.

"Chimanga chanucho chikudwala chiyani? Mwapita nacho kuchipatala?"

Anali ndi zonena zawo zimene tinazimva mpaka kuziloweza. Ankati munthu wogula masamba pamsika mu Januwale wanyoza mvula. Anthu osesa pabwalo n'kuyatsa zinyalala ankawaimitsa panjira kuwauza kuti akuwotcha ndiwo za chaka chamawa. Ndipo liwu limene sankafuna kulimva n'lomwe lija Twaibu analitchula pageti panga, lakuti kamunda. Munthu akangoti kamunda, ankamufunsa ngati m'mimba mwake mumalowa kanjala kapena njala.

Ine ndi iwo tinayambana koopsa chaka chimene ndinayamba kuweta nkhuku. Thadzi langa lina linaboola mpanda n'kukapalasa nazale yawo ya mpiru. Masana ndinangomva geti likugogodedwa ngati kwabwera apolisi. Kutsegula, ndi Abiti, nkhuku ili m'khwapa, miyendo yake atamanga ndi luzi la nthochi.

"Muthokoze Mulungu kuti pakhomo panga palibe mwamuna wozinga nkhuku," anatero. "Bwenzi pano tikukambirana za msuzi."

Nane pakamwa ndinali napo. Ndinawauza kuti kuno ndi m'tauni, wofuna kulima apite kumudzi. Anaiponya pansi nkhukuyo n'kutembenuka. Tinakhala osapatsana moni mpaka Febuluwale, mwezi umene bambo a Dalitso anagonekedwa m'chipatala, m'nyumba mwanga mulibe kalikonse. Tsiku lina m'mawa ndinamva bango la mpanda likulira. Pamwamba pake panali beseni: nkhwani, zitheba, mondokwa ndi maungu awiri.

"Si zanu izi," anatero ali kuseri kwa mpanda. "Ndi za ana. Inu mudye tauni yanuyo."

Kuyambira pamenepo zitosi za m'khola mwanga zinasanduka zawo. Ankabwera kudzakokola okha ndi fosholo yothyoka mpini, osagogoda, osapempha.

Kuti mumvetse ukali wawo pa mundawo, muyenera kudziwa kumene nthaka yake inachokera. Pamene iwo ndi malemu amuna awo, amene anali telala wa pakhonde la sitolo m'tauni, ankapeza puloti imeneyi, kuseriko kunali miyala ndi katondo wouma woti khasu linkachita kudumpha. Masiku amenewo Abiti ankakwera phiri kukatola nkhuni zogulitsa, kudzera njira za kumtunda kwa mtsinje wa Mulunguzi. Potsika, pamutu pali mtolo wa nkhuni, kumsana ankabereka kathumba ka dothi lakuda la pansi pa mitengo, lija la masamba owola. Ulendo uliwonse kathumba kamodzi, kwa zaka ndi zaka. Amayi anzawo otola nkhuni ankawaseka kuti akufuna kusamutsira phiri ku Matawale. Iwo ankangowonjezera, ndowe za mbuzi, makoko a nthochi otola pamsika, phulusa, chilichonse chowola. Mmene ine ndinkabwera kudzakhala kuno, ukapisa dzanja m'nthaka imeneyo linkalowa lonse n'kutuluka ndi nyongolotsi. Khosi la Abiti linali lopendekera kumanzere moyo wawo wonse, ndipo wina akafunsa kuti munda ndi wa yani, ankangoloza khosilo.

Ndiye panali Patuma. Patuma ndi mwana wawo woyamba, achemwali ake a Twaibu, munthu wamkulu ndithu wa msinkhu wanga. Amadwala matenda akugwa kuyambira ali wamng'ono. Dzanja lake lamanja lili ndi zipsera za moto umene anagweramo ali mtsikana, ndipo zinthu amazimvetsa pang'onopang'ono. Sanakwatiwe. Mayi ake sankamulola kuyandikira mbaula, chitsime kapena msewu. Malo okhawo amene Patuma ankayenda momasuka, popanda womugwira mkono, anali m'munda muja. Akagwa ankagwera pa nthaka yofewa, pakati pa masamba a maungu, ndipo mayi ake ankakhala naye pansi pomwepo mpaka atsitsimuke. Ankatolera nkhono m'chitini, ankasadzula nkhwani, ankafutsa masamba a khobwe. Pa mbozi maso ake anali akuthwa kuposa a mayi ake, ndipo ankanyadira zimenezo. Ndiwo zawo zonse, ndi ufa wa miyezi ingapo, zinkachokera pomwepo, chifukwa zochokera ku Joni zinkabwera mwa apo ndi apo.

Tsono chaka china Twaibu anabwera kutchuthi mu Disembala ali ndi nzeru zatsopano. Anali ataona anzake akumanga zipinda za lendi za ophunzira a ku koleji, amene adzaza Matawale yense, ndipo kuseri kwa mayi ake anakuyeza ndi maso tsiku lomwe anafika. Kukambirana kwawo ndinakumva ndikuchapa, chifukwa pa Abiti panalibe nkhani ya manong'onong'o.

"Amama, chimanga ichi chingakupatseni chiyani? Pano pamangidwe zipinda. Muzingokhala pakhonde, ana asukulu azikudyetsani."

"Ngwamba," anatero Abiti. Ndiko kukana kwa Chiyao, ndipo iwo akakana motero nkhani imakhala yatha.

"Puloti iyi ndi ya bambo anga."

"Bambo ako ankasoka mabatani. Nthaka iyi anasenza ndani? Nanga Patuma aziyenda kuti, padenga?"

Anakangana mpaka Twaibu anaitanitsa amalume ake a ku Domasi, mchimwene wawo wa Abiti. Pamaso pa amalumewo anagwirizana kuti mundawo usakhudzidwe mpaka akolole, ndipo pomanga adzamange mbali imodzi, inayo itsalire Patuma. Twaibu anavomera. Anagwira dzanja la mayi ake ndi manja awiri, ine ndikuona.

Chakumapeto kwa Januwale kunabwera uthenga woti mng'ono wawo wa Abiti wadwalika kumudzi. Anakonzeka ulendo pamodzi ndi Patuma. Chaka chimenecho munda unachita bwino kuposa zaka zonse zimene ndinauona. Chimanga chinali chitapitirira denga la bafa, chonse chitamasula, ndevu zikadali zofiira. Ponyamuka anaima pa mpanda n'kundilamula kuti ndiziingitsa mbuzi za anthu.

Mbuzi sizinabwere. M'mawa mwake kunabwera anyamata ndi zikwanje, Twaibu ali patsogolo, foni ili kukhutu.

Ndinathamangira ku mpanda. "Twaibu! Ukutani? Si munagwirizana kuti mpaka akolole?"

"Amake Dalitso, tchuthi changa chikutha, ndipo amisiri ndawapeza lero. Za pabanja pathu zisiyeni."

Kulira kwa chikwanje pa phesi lanthete sikutuluka m'khutu. Sikufanana ndi kudula chinthu chouma, kumamveka madzimadzi. Fungo la zomera zosweka linalowa mpaka m'nyumba mwanga. Maungu anawakoka ngati akuyalula mphasa, timaungu tikugubuduzika. Pokumba maziko, dothi lakuda lija analinyamula pa wilibala n'kukalitaya m'ngalande ya kumsewu, mvula ya madzulo n'kulikokolola kupita nalo kumtsinje wa Likangala. Ndinayesa kuimba foni kumudzi, sinkagwira. Ndinatuma uthenga ndi kondakitala wa minibasi.

Abiti anafika mawa lake chakumasana, ali okha. Ndinkayembekezera kuti Matawale yense amva liwu lija. Sanakuwe. Anaima pakhonde la kuseri, chikwama chikadali m'manja, kuyang'ana maenje a maziko ndi zingwe za amisiri. Kenako anavula nsapato monga mwa masiku onse, anatenga lichero, n'kupita pa mulu wa mapesi amene anali atayamba kufota. Anayamba kuthyola chimanga chija chimodzichimodzi. Chinali chisanaike njere, tizitsononkho toyera tonga zala. Ndinalowa kuti ndiwathandize, koma anandikwezera dzanja kuti ndiime pomwepo.

Anasenda, anatereka mphika, anawiritsa. Nthawi ya nkhomaliro itakwana, Twaibu atakhala pampando pamthunzi pamodzi ndi amisiri ake, Abiti anatuluka ndi beseni la madzi. Anagwada, iwo munthu wa imvi mbuu, pamaso pa mwana wobereka okha, n'kumusambitsa m'manja. Kenako anaika mbale patsogolo pake n'kuvundukula.

"Idyani, bambo," anatero, ndi ulemu umene ndinali ndisanaumvepo pakamwa pawo. "Mwakolola."

Amisiri anasiya kutafuna zimene ankadya. Twaibu anayesa kuseka.

"Amama, n'chiyani ichi? Ndakugulirani thumba la ufa, lili m'nyumbamo."

"Idyani. Chimenechi ndi cha Febuluwale. Mukamaliza ndikubweretserani cha Malichi. Cha achemwali anu chili pamoto."

Sanadzuke. Anakhala chigwadire, maso ali pa iye. Mmisiri wamkulu, bambo wachikulire wa ku Mtiya, anaimirira n'kutola chipewa ndi zida zake. "Bwana, simunatiuze kuti mwini munda ali moyo," anatero, n'kutuluka pageti. Anzake anamutsatira. Twaibu anakankha mpando, analowa m'galimoto, n'kukagona kwa anzake m'tauni.

Musaganize kuti anachita manyazi mpaka kusiya. Anapeza amisiri ena osafunsa mafunso. Makoma anakwera kufika m'chiuno, tchuthi chinatha, iye n'kubwerera ku Joni. Zipinda zopanda denga zinatsala zitayasama choncho kwa zaka.

Thumba la ufa lija Abiti analikoka mpaka pamsewu n'kulisiya pomwepo, odutsa anatola. Ndinawauza kuti kumeneko ndi kudzipweteka, ali ndi Patuma woti adye. Anandiyankha m'Chiyao.

Chaka chimenecho anavutika, ndipo amene anavutika kwambiri ndi Patuma. Atabwera kuchokera kumudzi anazungulira makoma aja akufunsa kuti chimanga chapita kuti. Miyendo yake inali itazolowera kuyenda kuseriko, ndiye ankangopitabe. Tsiku lina matenda anamugwira ali pakati pa njerwa. Anang'ambika pachipumi, magazi thupi lonse, ndipo tinathamanga naye kuchipatala pa njinga ya kabaza, mayi ake akuthamanga pambuyo opanda nsapato. Chipsera chimenecho ali nacho mpaka lero. Twaibu atauzidwa pa foni anati pepani, azimusamala.

Mwezi womwewo ndinakumana ndi Abiti kumsika wa kutali, kumene anthu a kwathu kuno sapitapita. Anali ataima pa benchi ya mayi wogulitsa mpiru, atakokera mpango kumaso. Tinaonana. Ndinayang'ana kumbali n'kudutsa, ndipo nkhani imeneyo sitinaitchulepo.

Munthu wina akanasiyira pomwepo. Iwo anayambiranso. Phiri sakanathanso kukwera, mawondo anali atatha. Anayamba ndi zitosi zanga, zinyalala zosesa m'makomo mwa anthu omwe aja anayambana nawo, makoko a chinangwa a amayi okazinga pamsewu. Anatola zibenthu za njerwa ndi simenti chimodzichimodzi m'zipinda zopanda denga zija, Patuma akuwathandiza, n'kuyamba kuthiramo manyowa. M'mbali mwa makoma anaunjikamo udzu wouma kuti Patuma akagwa asagundenso njerwa. Chaka choyamba chimanga chinatuluka chachikasu ngati changa. Sanandiitane kuti ndidzaone, ndipo m'mawa wa Januwale wopanda kukuwa kuja unkandipweteka kuposa kunyozedwa. Patapita mvula zingapo, tsiku lina ndikutsuka mbale, ndinamva:

"Amake Dalitso! Tabwerani mudzaone matenanti anga!"

Ngayaye zinali zitasuzumira pamwamba pa makoma. M'chipinda china munali therere, china mbatata. Maungu anali atatulukira pamalo osiyira zitseko n'kulowa m'chipinda cha anzawo. Abiti ankaseka, mano awo ochepa otsala onse ali pamtunda.

"Awa salipira mochedwa," anatero. "Ndipo saliza wailesi."

Abiti sanamutchulenso Twaibu kuti iwe. Akaimba foni ankamuyankha kuti inu, bambo, zikomo, tili bwino, ngati akulankhula ndi mlendo wa muofesi. Koma chaka chilichonse ankamanga mfutso wa nkhwani ndi wa khobwe m'mapepala, n'kupatsira anthu okwera basi ya ku Joni. Ndikawafunsa ankati ndi wa zidzukulu. Zidzukulu zobadwira ku Joni sizidya mfutso, tonse tinkadziwa. Munthu uja ankalandira mfutso wochokera m'munda umene anautchetcha, n'kumadya.

Anamwalira chaka chatha, mu Januwale, chimanga chitamasulanso. Dzulo lake anali atandiitana pa mpanda. Anang'amba pang'ono khoko la chimanga chimodzi, n'kuboola njere ndi chikhadabo, timkaka n'kutuluka. Anati mwezi usanathe tikuwotcha mondokwa, ndikonzeretu makala. M'mawa mwake anagwa akumangirira nyemba. Anali Patuma amene anabwera kudzandigwedeza pageti, iye amene moyo wake wonse ndiye ankadzutsidwa pansi. Kuchipatala sanakhalitse ndipo sanalankhulenso. Anaikidwa tsiku lomwe anamwalira, monga mwa mwambo wa Chisilamu, Twaibu akadali m'njira. Achibale anamutenga Patuma kupita naye kumudzi, akuti akapumeko kaye.

Twaibu atafika analira ndithu, sindingamunamizire. Koma misozi isanaume analengeza kuti pa sadaka ya mayi ake padzabwera anthu ambiri, pakufunika malo ophikira ndi okhalapo alendo. M'mawa wina ndinamvanso kulira kuja kwa zikwanje.

Ulendo uno sindinalankhulire pa mpanda. Ndinazungulira, ndinalowa pageti, n'kukaima pakati pa anyamatawo ndi chimanga.

"Twaibu, chatsala pang'ono kukhwima. Dikira, Patuma adye."

"Tikukonza malo a sadaka ya mayi."

"Sadaka ya mayi ako ndi imene ukudulayi!"

"Amake Dalitso, muli pa puloti ya eni."

Amalume aja a ku Domasi, mboni ya pangano lija, anali pompo pampando, akuseweretsa foni yatsopano yochokera ku Joni. Ndinawatchula dzina. Anaweramitsa mutu. Amayi a pamzere wathu, amene akhala akudya nkhwani za Abiti pa maliro ndi pa matenda, anandigwira mikono n'kunditulutsa, akuti ndikusokoneza pakhomo pa maliro. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati anyamata inu taimani.

Tsiku la sadaka miphika anaitereka kumaso kwa nyumba, chakumsewu, ndipo alendo anakhala komweko. Kuseri kuja sikunapondedwe ndi mlendo aliyense. Kunali mulu wa mchenga ndi malata atsopano. Anandibweretsera mbale ya mpunga ndi nyama ya mbuzi. Ndinaibweza momwemo.

M'chilimwe ndinakwera minibasi kukamuona Patuma. Akusungidwa ndi mng'ono wawo uja wa Abiti, amenenso ndi wokalamba ndi wodwaladwala. Ndinamupeza atakhala pakhonde, manja ali pamiyendo, atawonda. Kumunda samutenga chifukwa njira yake imawoloka mtsinje. Pa mwendo panali bala latsopano la moto, atalikulunga ndi kansalu. Anandizindikira, anamwetulira, ndipo funso lake loyamba silinali la moni.

"Amake Dalitso, mbozi akupha ndani?"

Ndinaganiza zomunamiza, koma mayi ake sanamunamizepo.

"Kulibe chimanga, Patuma. Achimwene ako anatchetcha."

Anasisita chipsera cha pachipumi.

"Kachiwiri?" anafunsa.

Ndinangogwedeza mutu. Sanalire. Anayang'ana manja ake, n'kuwabweza pamiyendo.

Lero pomwe panali bango pali khoma la njerwa, pamwamba pake atazika mabotolo osweka. Kuti ndione kuseri kuja ndiyenera kudzera pageti ngati mlendo. Pali zitseko zabuluu zoyang'anizana, chilichonse ndi loko wake, ndipo pakati ponse anathira konkire kuchokera kukhoma kufika kukhoma. Khonde la kuseri analitseka n'kulisandutsa chipinda china. Chipinda chimene ankagona Abiti ndi Patuma nachonso muli ophunzira. Mvula ikagwa ilibe polowera. Imasefukira pa simenti, n'kutulukira pa paipi imene anaboolera mbali yanga, itanyamula thovu la sopo ndi timapepala ta pulasitiki.

Ana asukuluwo alibe mlandu. Amapereka moni, ndipo sadziwa kuti pansi pa mabedi awo panali chiyani. Mtsikana wina wa chipinda cha kumapeto anadula chigubu, anathiramo dothi lokatapa kumsewu, n'kudzalamo anyezi pakhomo pake. Anamera bwino. Woyang'anira nyumbazo atabwera anamuuza kuti achichotse, eni ake anaimba foni kuti safuna zodetsa simenti. Pomwe panali chigubucho patsala bwalo lofiirira, laling'ono ngati mbale, limene tsache lalephera kuchotsa. Kuseri konse kwa Abiti Jafali, dothi limene latsala ndi lomwelo.